Masiku asanu m'nyumba ya matayala: kumapiri a Scotland ndi amayi

26 Disembala, usiku, Glasgow

Mawa tikukatenga galimoto ija. Kuno amaitcha motorhome, ena campervan, koma amayi aipatsa kale dzina lawo, akuti "nyumba ya matayala". Tilipo anayi: ine, bambo a kunyumba, mwana wathu wamkazi wa zaka 7, ndi amayi anga amene anabwera mwezi watha kuchokera ku Dedza. Chifikireni amangokhala pawindo kuonerera mvula ife tili ku ntchito. Ndiye tinati tchuthi chino tiwaonetse mapiri, angakanene kumudzi kuti ku Ulaya kuli nyumba zosanja ndi mabasi basi.

Anzathu a kutchalitchi atamva anatiseka. Anthu amabwereka magalimoto amenewa mu Juni kapena Julaye, dzuwa likulowa 10 koloko usiku. Ife tasankha nthawi imene limatuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa 4 isanakwane. Chifukwa chake n'chosabisa: mtengo umatsika kukazizira, ndipo tchuthi chimene tonse awiri tapeza ndi chomwechi.

Kwa amene mumafunsa za laisensi: galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 imayendetsedwa ndi laisensi wamba ya galimoto yaing'ono. Ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yoyamba mutakhazikika kuno, kenako mumayenera kulemba mayeso a kuno, chifukwa sasintha ya kwathu ngati mmene amasinthira ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Bambo a kunyumba anakhoza kachiwiri, ine koyamba, ndipo ndimawakumbutsa pafupipafupi.

Talongedza ufa, mthiko, chipande, usipa, nyemba zophikiratu, mabulangete onse a m'nyumba muno. Amayi ati ku Dedza n'kozizira kale, palibe chachilendo chimene akachione. Aika zitenje zitatu m'chikwama osanena kuti n'zachiyani.

Ine ndikudziwa kuti n'zachiyani. Pali nkhani imodzi imene palibe waitchula: mkamwini ndi apongozi ake akagona m'chipinda chimodzi masiku anayi. Kwathu anthu awiriwa akakumana panjira wina amapatuka.

27 Disembala, m'mbali mwa Loch Lomond

Kulandira galimoto kwatidyera ola ndi theka. Mnyamata wa pakampanipo anatizungulitsa ponseponse akulankhula mothamanga, Chingelezi cha ku Glasgow chomwe ngakhale ine ndimachimva theka. Ndinamujambula pafoni, ndipo ndikuyamika kuti ndinatero.

Zimene ndagwira ndi izi. Galimotoyi ili ndi mabatire awiri, lina la injini, lina la m'nyumbamo loyatsira magetsi ndi pampu ya madzi. Ukafika pamalo ogonapo olipira umalumikiza chingwe chachikulu ku mtengo wa magetsi. Gasi ali m'kabati yakunja, ndi wophikira komanso wa hita. Anatsindika kuti nyengo ino ndi ya propane, silinda yofiira, chifukwa butane, ya silinda yabuluu, imasiya kutuluka kukazizira kufika pa 0. Madzi abwino ali ndi thanki yake, otsukira mbale ndi osamba amagwera m'thanki ina pansi, ndipo chimbudzi chili ndi kabokosi kamene umasolola cha kunja n'kukakhuthula wekha. Atafika pamenepa amayi anayang'ana kumbali. Anatchulanso kabatani kena ka pansi pa mpando kamene kamataya madzi kukazizira. Mawu amenewo anandidutsa.

Anatigwira dipoziti ya mapaundi 1,000 pa khadi. Ndinajambula pokalika paliponse, ngakhale tating'ono ngati chikhadabo. Pagalasi lakutsogolo anamatapo kapepala kokumbutsa kuti galimotoyi ndi yaitali pafupifupi mamita atatu, chifukwa malo ambiri oimikapo magalimoto ali ndi chitsulo chopingasa pamwamba chimene chingakuchotsere denga.

Tinayamba tapita chakum'mwera pang'ono, ku Blantyre. Inde, Blantyre wa kuno, tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Amayi sankakhulupirira mpaka anawerenga okha chikwangwani, n'kuuza mdzukulu wawo kuti awajambule pansi pake. Kumeneku ndi kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, m'nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row, ya anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. Iyeyo anayamba ntchito pa fakitalepo ali ndi zaka 10. Mishoni imene a Church of Scotland anakhazikitsa kwathu mu 1876 anaitcha Blantyre pokumbukira mudzi uwu. Sitinalowe, nthawi inali itatha kale, koma ine ndinalowamo chaka chatha ndipo ndinawafotokozera amayi kuti banja lonse, makolo ndi ana, linkakhala m'chipinda chimodzi chokha, mabedi ake olowa m'khoma.

"Ndiye azungunso ankathithikana chonchi?" anatero amayi, maso ali pa galimoto yathu. Bambo a kunyumba anakhala ngati sanamve.

Pofika pa msewu wa A82 mdima unali utagwa. Nyanja ya Lomond sitinaione, tinangoimva. Malo ogonapo ndinasungitsiratu kalekale, chifukwa ambiri amatseka mu Okutobala mpaka Malichi, otsegula ndi owerengeka. Ndipo ufulu umene lamulo la ku Scotland limapereka woti munthu akhoza kumanga tenti m'tchire sukhudza galimoto.

Itakwana nthawi yogona amayi anatulutsa zitenje zija. Anamangirira chingwe cha zovala kuchokera pa chitseko cha kabati kukafika pa chogwirira cha kubafa, n'kupachika ziwiri. Nyumba yagawika. Iwo ndi mdzukulu kumbuyo, ife pa bedi la pamwamba pa oyendetsa, pomwe ukadzuka mofulumira mutu umagunda denga. Bambo a kunyumba akwera ndi jekete ndi thalauzi lomwe, akuti avulira m'bulangete.

28 Disembala, pafupi ndi Fort William

Tadzuka mawindo onse akuchucha madzi cha m'kati. Mpweya wa anthu anayi ukagunda galasi lozizira umasanduka mame, ndipo kupukuta ndi ntchito yoyamba m'mawa uliwonse. Pafunika kusiya kawindo ka padenga kotsegula pang'ono, zimene amayi akuziona ngati misala: kulipira gasi wotenthetsa nyumba kwinaku ukulowetsa mphepo.

Bambo a kunyumba anavala nsapato 6 koloko, kunja kuli bii, n'kuyenda mtunda kupita ku zimbudzi za pamalopo. Cha m'galimoto akuti sachikhudza. Amayinso chimodzimodzi. Khoma lake ndi lopyapyala ngati katoni, aliyense amamva chilichonse. Ndiye tili ndi chimbudzi chimene talipira koma akuchigwiritsa ntchito ndi mwana ndi ine basi.

Lero ndinayendetsa ndine. Msewu wa m'mbali mwa nyanja kumtunda kwa Tarbet ndi wopapatiza, wokhotakhota, kumanzere thanthwe, kumanja madzi. Malole akamabwera ndinkachita kupuma mobanika, kuopa kuti galasi la m'mbali lipita ndi dipoziti yathu. Mwayi wake kuno timayenda kumanzere ngati kwathu. Titadutsa Crianlarich ndi Tyndrum tinaona mageti achitsulo ali chitsegulire m'mbali mwa msewu. Sinowo akachuluka apolisi amawatseka, ndipo palibe zokambirana. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndikuyang'ana kaye pa Traffic Scotland, tsamba la pa intaneti lonena mmene misewu ilili, tisanalize injini.

Kenako Rannoch Moor. Chidambo chachikulu chopanda mtengo, chopanda nyumba, timadziwe tating'ono touma gwaa ngati magalasi osweka, mapiri oyera mbuu kumapeto. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Malo onsewa mwini wake ndani? Osalimapo ngakhale mbatata?" Ndinawauza kuti pansipo ndi matope okhaokha, munthu akhoza kumira.

Pa Glencoe tinaima pamalo oimikapo moyang'anana ndi mapiri atatu aja amawatcha Three Sisters. Amayi anatsika, n'kutola sinowo ndi manja opanda magolovesi, kumununkhiza, kumulawa. Ati ali ngati ufa woyera wonyowa. Pasanathe mphindi ziwiri anabwerera m'galimoto zala zili m'khwapa, ndipo za ku Dedza sanazitchulenso.

Tinaphika nsima pompo. Sindinaganizepo kuti ndidzavundula nsima pansi pa phiri la sinowo, poto akugwedezeka pa kachitofu ka maso awiri, mphepo ikukankha galimoto yonse. Tikudya ndinawafotokozera zimene zinachitika m'chigwa chimenechi pa 13 Febuluwale 1692. Asilikali a boma anafika kwa a fuko la MacDonald ngati alendo, n'kusungidwa m'nyumba zawo pafupifupi masabata awiri, kudya nawo, kumwa nawo. Tsiku limenelo m'bandakucha anadzuka n'kupha eni nyumba, anthu oposa 30, ndipo ena othawa anakafera m'chisanu kumapiri. Mlandu wake unali woti mfumu yawo inachedwa kukalumbira kuti ili pambuyo pa Mfumu William.

Amayi anasiya mbamu ili m'manja. "Kudya nsima ya munthu masabata awiri, n'kumupha?" Anapukusa mutu mpaka ku Ballachulish. Ndinawauza kuti a kunonso chimene sanachiiwale kwa zaka zoposa 300 ndi chomwecho.

Tafika pogona 3 koloko itangopitirira, kukuchita kale chizirezire. Nditalumikiza chingwe ndinayatsa hita ya magetsi, kenako ketulo, ndipo zonse zinangoti phethi. Mtengo wa magetsi wa pano umapereka ma amp 10, omwe ndi mawati 2,300 basi, pomwe hita ndi ketulo pamodzi zimafuna pafupifupi 4,000. Bambo a kunyumba anatuluka ndi tochi kukakweza switchi. Kuti zisachitikenso tasintha hita kuti iziyendera gasi. Nzeru zanga zimenezo.

29 Disembala, pomwepa

Sitinasunthe lero.

Ndinadzuka cha m'ma 5 mphuno itachita dzanzi. Hita inali zii, kagetsi kofiira kakuphethira. Gasi anatha usiku. Pakampani paja anatiuza kuti silinda ndi yodzaza, koma bambo a kunyumba ataitukula inali yopepuka ngati chigubu chopanda kanthu, ndipo masiku awiri okha sangamalize silinda yodzaza. Kulakwa kwathu n'kwakuti sitinaitukule tsiku lotenga galimoto. Mukadzabwereka, itukuleni nokha, ndipo pemphani yachiwiri.

Nditatsegula mpopi kuti nditereke tiyi, pampu inangolira, madzi osatuluka. Kutsegula chitseko, pansi pa galimoto pali chithaphwi chouma, choterera, chofika mpaka pa galimoto ya oyandikana nawo. Ndinabwerera ku kanema uja ndinajambula, ndipo kabatani kaja kanali momwemo. Malo ozungulira boila, chotenthetsera madzi, akazizira kufika pa madigiri 3, kavavu kamatseguka kokha n'kutaya madzi pansi kuti angaundane n'kuphulitsa boilayo. Ife tinagona pampu ili chiyatsire, ndiye inkangokankhira madzi atsopano, kavavu n'kumataya, mpaka madzi onse a m'thanki anatha. Kuti katsekekenso pamafunika m'katimo mufunde kaye kufika cha m'ma 7.

Amayi anali atakhala tsonga kuseri kwa zitenje, mdzukulu atamufungatira m'bulangete ngati khanda. Anayamba kulankhula ndi mkamwini wawo kudzera mwa ine, monga mwa nthawi zonse: "Uwafunse apongozi ngati muli makala m'sitolo za kuno." Ankaganiza za mbaula. Ndinawakumbutsa za mabanja amene timamva pa wailesi mwezi wa Juni, ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka n'kusadzukanso. Ndinawaonetsa kachipangizo koyera ka pakhoma kamene kamalira mpweya woipawo ukachuluka. Anavomera, koma anati mbaula ikanakhalapo akanaiyang'anira okha.

Tinabwezera hita ku magetsi. Patapita ola mpweya unasiya kuoneka pakamwa.

Mpopi wa panja wa pamalopo nawonso unali utauma, wotuluka madzi unali wa m'chipinda chotsukiramo mbale, mtunda ndithu. Tinali ndi chigubu chimodzi cha malita 10 ndi ndowa. Ine ndi bambo a kunyumba tinayamba kutuntha, kuterereka, kutayikira m'nsapato. Ulendo wachitatu amayi anatuluka, atavala jekete la mkamwini wawo pamwamba pa majuzi awiri, anapinda chitenje chachitatu chija kukhala nkhata, n'kusenza ndowa pamutu. Anayenda pa ayezi mwakachetechete, osagwira, osataya ngakhale dontho. Bambo wina wachikulire wa m'galimoto yoyandikana nafe anatuluka ndi kapu yake ya khofi n'kuima kukamwa kuli yasa. Kenako anabwera ndi mchere wothira pa chithaphwi chathu chija, n'kutilozera kogula gasi m'tauni.

Chatsala chinali kabokosi ka chimbudzi, kagetsi kake kanali katafiira. Ndinati ndipita ndine. Bambo a kunyumba anakana, anavala magolovesi, kusolola, kukoka pa timatayala take mpaka kumalo otayirako. Si kulikonse: pali dzenje lake lapadera, chifukwa mumakhala mankhwala. Amayi anawaonerera pawindo mpaka anakhota. Atabwerera, amayi anawapatsa tiyi ndi manja awiri, n'kunena mwachindunji, osadzera mwa ine: "Mwatopa apongozi, khalani apa pofunda." Pa zaka 9 za ukwati wathu sindikukumbuka kuti zinachitikapo.

Masana mitambo inang'ambika pang'ono ndipo Ben Nevis anaonekera, phiri lalitali kuposa onse m'Britain, mamita 1,345. Bambo a kunyumba, omwe kwawo ndi ku Mulanje, anaseka. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo tauni ya Dedza yeniyeniyo ili pamwamba kuposa nsonga ya phiri limeneli. Komabe ili limayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya mchere, ndiye limaoneka lalikulu, ndipo nyengo ino limapha anthu odziwa kukwera mapiri. Tinalionera pansi, titagwira makapu.

30 Disembala, Aviemore

Ulendo wa lero unali wosavuta, ndiye sindichulutsa. Msewu umatsata chigwa chowongoka chimene chinadula Scotland pakati, nyanja zitandandalikana, zolumikizidwa ndi ngalande ya Caledonian Canal imene inatsegulidwa mu 1822. Pa Fort Augustus tinaonetsa mwana zitseko zimene zimakweza ndi kutsitsa maboti ngati masitepe.

Loch Ness ndi yakuda bii, yopapatiza, tsidya lina likuoneka bwinobwino. M'litali ndi makilomita pafupifupi 37, kuya mamita 230. Mwana ankafunafuna chilombo chija amati chimakhalamo. Agogo ake anafunsa ngati mumapezeka chambo, ndipo atamva kuti ayi, chidwi chinathera pomwepo. Munthu amene anaona nyanja ya kwathu pa Senga Bay, nyanja imene malo ena ndi yakuya mamita 700, sungamudabwitse ndi iyi. Ine ndinaikonda, koma mwina chifukwa cha hita imene inali kugwira ntchito.

Inverness tinangoilambalala, kuthira dizilo, n'kulowa msewu wa A9. Dzuwa kuno likulowa cha m'ma hafu pasiti 3, ndiye tsiku lonse loyendera ndi maola asanu ndi limodzi. Pulani yanga yoyamba, imene ndinalemba ndili pa sofa mu Novembala, inali ndi Isle of Skye yomwe, chilumba cha kutali kumadzulo. Ndikaiwerenga pano ndimadziseka.

Ku Glenmore, kumtunda kwa Aviemore, sinowo anali wofika m'akakolo. Tinakaona ma reindeer, nyama zonga mphalapala zimene anazibweretsa kuchokera ku Sweden mu 1952, ndipo zimayenda momasuka m'mapiri a Cairngorms. Zikamayenda miyendo imalira kuti the, the, the. Amayi anafunsa ngati zimadyedwa. Kenako mdzukulu anawaphunzitsa kuumba munthu wa sinowo m'mbali mwa Loch Morlich, ndipo iwo anaumba mtondo ndi munsi wake.

Usiku uno ndiwo wozizira kuposa onse, foni ikuti -8. Si kanthu poyerekeza ndi -27.2 imene inalembedwa ku Braemar, kuseri kwa mapiri omwewa, mu 1982, koma kwa ife yakwana. Pano ndife akatswiri: hita pa magetsi, gasi wodzaza ali pambali, pampu yozimitsa, ketulo yodzaza madzi a m'mawa, makabati a pansi otsegula kuti kutentha kufike ku mapaipi. Chotayira madzi otsukira mbale tachisiya chotsegula, ndowa ili pansi pake, chifukwa akaundana m'thanki sangatulukenso.

Tadya nsima ya usipa tonse anayi pa katebulo kamodzi, mawondo akugundana. Kunyumba amayi amadyera kukhitchini mkamwini akakhala pa tebulo. Muno mulibe khitchini yothawirako. Atamaliza anasewera makhadi ndi mdzukulu, bambo a kunyumba n'kumawanong'oneza khadi loti aponye. Zitenje zapachikidwa ndithu, koma mochedwa, 10 koloko itadutsa.

31 Disembala, Glasgow

Galimoto inayenera kubwezedwa lero masana, chifukwa ku Scotland pa 1 ndi pa 2 Januwale ndi tchuthi, anthu amakhala akupumula ku Hogmanay, chikondwerero chawo cholowera chaka chatsopano. Tinanyamuka kusanache, titakhuthula zonse zofunika kukhuthula. Chingwe cha magetsi chinali chitauma ngati ndodo, kuchipinda inali nkhondo.

Pa Drumochter, pamwamba penipeni pa A9, mphepo inkaulutsa sinowo kudutsa msewu ngati fumbi la mu Okutobala. Galimoto yaitali ngati iyi mphepo imaikankha cha m'mbali, chiwongolero umagwira ndi manja awiri. Tinakhala kumbuyo kwa lole yothira mchere mtunda wautali, osaganiza n'komwe zoipitirira. Kumbuyoku amayi anayambitsa nyimbo ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi, motsitsa, ndipo bambo a kunyumba analandira besi. Titatsikira ku Pitlochry sinowo anatha, kunayamba mvula yathu ya masiku onse.

Pakampani paja anazungulira galimoto ndi tochi, n'kupeza pokalika pa bampala yakumbuyo. Ndinatulutsa chithunzi cha pa 27, pokalikapo pali pomwepo. Za gasi anapepesa ndi pakamwa, ndalama ya silinda imene tinagula akuti "aiona". Risiti ndasunga. Dipoziti akuti ibwerera pakatha masiku angapo.

Nditawerengera zonse, kubwereka, dizilo, malo ogona anayi ndi gasi, sizinatchipe kuposa kugona m'nyumba za alendo, makamaka nyengo ino pomwe sungaime paliponse popanda magetsi. Bambo a kunyumba akuti tidzabwerekenso mu Meyi. Ine ndati tiyambe taona dipoziti.

Panopa makina ochapira ali pa ulendo wachitatu. Amayi ali m'chipinda chawo pa WhatsApp ndi achemwali awo a ku Linthipe, ndipo mawu akumveka mpaka kuno. Za mapiri sanatchule n'kamodzi komwe. Akufotokoza za mkamwini wawo ndi kabokosi kaja, ndipo kumbali inayo akufunsa kuti abwerezenso.